Miyoyo Iwiri m'Thupi Limodzi: Phunziro Locokera ku Ireland

Nkhani imene ndadza nayo m'tsamba lino njolemera, ndipo akulu ena angathe kunena kuti siiyenera kutuluka pakamwa pa mwana wa sukulu. Koma popeza pa phunziro la sayansi timamva za m'mene munthu amayambira m'mimba mwa amai ace, ndipo pa phunziro lina timamva za malamulo oyendetsera dziko, ndaganiza kuti nkwabwino tione cimene cimacitika maphunziro awiriwa akakomana pa bwalo la milandu kapena pa kama wa m'cipatala. Ndidzayesetsa kulankhula mwaulemu monga ayenera kucitira mwana pamaso pa akulu.

Mafunso ace ndi awa. Kodi mwana amene sanabadwe ali munthu pamaso pa lamulo? Ngati ali munthu, umunthu wacewo unayamba tsiku liti? Nanga moyo wace ukapikisana ndi moyo wa mai amene wamsenza, aweruze ndani? Maiko ambiri akangana pa mafunso amenewa, koma ine ndasankha dziko la Ireland, cifukwa linalemba yankho lace m'malamulo akulu a dziko m'caka ca 1983, ndi kulifafaniza m'caka ca 2018. Zaka 35 zimenezo ziri ngati munda woyesera mbeu, m'mene tingathe kuona cimene cinabzalidwa ndi cimene cinakololedwa.

Dziko lace ndi anthu ace

Ireland ndi cilumba ca kumadzulo kwa Britain. Cigawo cacikulu ca cilumbaci cinacoka m'manja mwa Angerezi m'caka ca 1922, ndipo likulu lace ndi Dublin. Koma cigawo ca kumpoto, kumene kuli mzinda wa Belfast, cinatsalira ku Britain. Anthu oculuka anali a mpingo wa Katolika, ndipo masukulu ndi zipatala zambiri zinali kuyendetsedwa ndi mpingowo. Ena a ife tidziwa ansembe ndi masisitere ocokera kumeneko amene anadzagwira nchito m'masukulu ndi m'zipatala za kuno kwathu.

Malamulo akulu a dzikolo analembedwa m'caka ca 1937, ndipo Nyumba ya Malamulo payokha siingathe kusinthamo ngakhale liu limodzi. Pafunika referendamu, ndiko kufunsa anthu onse kuti aponye voti ya inde kapena iai, monga anacitira makolo athu m'caka ca 1993 posankha za zipani zambiri. Tisunge mfundo imeneyi m'mutu, pakuti mau akalowa m'buku lotere satulukamo msanga.

Pamene kulera kunali mlandu

M'caka ca 1929 boma la Ireland linaika lamulo loletsa mabuku ophunzitsa njira za kulera, ndipo m'caka ca 1935 linaletsanso kugulitsa zipangizo zolerera kapena kuzilowetsa m'dziko. Cotero banja limene linafuna kupumula pa ubereki linasowa kolowera, ngakhale mai atafooka ndi kutumbiza. Mapiritsi olerera atafika m'caka ca 1963, madotolo ena ankawalembera amai ponena kuti ndi mankhwala okonza masiku a kumwezi, pakuti kunena nchito yao yeni yeni kunali kuputa mlandu. M'caka ca 1968 Papa Paul VI analemba kalata ya Humanae Vitae yotsimikiza kuti mpingo sulola njira zoterezi, ndipo andale ambiri anaopa kulikhudza lamulo lija.

Pa 22 May 1971 amai oposa 40 a bungwe la Irish Women's Liberation Movement anakwera sitima ya pamtunda ku Dublin kunka ku Belfast, kumene malonda amenewa anali ololedwa. Anagula makondomu ndi zina zotere, koma mapiritsi anawakaniza cifukwa analibe kalata ya dotolo. Tsono anagula mapiritsi a aspirin, podziwa kuti a kasitomu sadzatha kusiyanitsa. Pobwera anaonetsa katundu wao poyera pa siteshoni, khamu la anthu lirikupenya, ndipo panalibe mmodzi yemwe anamangidwa. Tsiku limenelo lamulo linasanduka coseketsa, komabe linakhala m'buku.

Amene analigwedeza zolimba ndi Mai Mary McGee, mkazi wa msodzi wa ku Skerries. Anali wa zaka 27 ndi ana anai, ndipo pa mimba zace anadwala koopsa, kotero kuti dotolo anamcenjeza kuti akatenganso pakati angathe kufa. Anaitanitsa mankhwala olerera ku England, a kasitomu nawalanda. Iye anakasuma, ndipo mu December 1973 bwalo la Supreme Court, limene liposa mabwalo onse a m'dzikomo, linagamula kuti boma lisalowerere pa za m'nyumba ya mwamuna ndi mkazi wace. Ngakhale zinatero, Nyumba ya Malamulo inazengereza kufikira 1979, pamene nduna ya za umoyo, Charles Haughey, inabweretsa lamulo lolola kugula zolerera pokha pokha munthu ali ndi kalata ya dotolo, ngakhale kondomu imene. Kalatayo inaleka kufunika pa makondomu m'caka ca 1985, kwa anthu a zaka 18 kunka m'tsogolo.

Mau amene analembedwa m'caka ca 1983

Kucotsa pakati kunali koletsedwa kale ku Ireland ndi lamulo la Angerezi la 1861, limene cilango cace cinkafika pa ndende ya moyo wonse. Nanga cifukwa ninji anthu anafuna lamulo lina pamwamba pa limenelo? Yankho liri ku America. Kumeneko bwalo lalikulu linagamula m'caka ca 1965, pa mlandu wa Griswold, kuti boma lisaletse anthu okwatirana kulera. Ndipo patapita zaka 8, pa mlandu wa Roe, linaima pa maziko omwewo ndi kulola kucotsa pakati. Anthu ena a ku Ireland ataona mlandu wa Mai McGee anaganiza kuti njira imene anayenda a ku America ndi yomweyi, ndi kuti nkwabwino kutseka khola ng'ombe zisanatuluke. Anapanga bungwe la Pro-Life Amendment Campaign m'caka ca 1981, napempha atsogoleri a zipani kuti aitanitse referendamu.

Mau amene anaikidwa pamaso pa anthu anali ocepa ndithu. Tanthauzo lace linali lakuti boma libvomereza kuti wosabadwa ali ndi ufulu wa kukhala ndi moyo, ndipo, posamalanso ufulu wolingana wa mai, lilonjeza kuuteteza m'malamulo ace monga momwe kungathekere. Mlangizi wamkulu wa boma pa za malamulo, Peter Sutherland, anacenjeza kuti mauwo ngosamveka bwino, ndi kuti adzasokoneza madotolo ndi oweruza. Mary Robinson, amene pambuyo pace anasankhidwa kukhala Pulezidenti wa dzikolo m'caka ca 1990, anawatsutsanso. Koma pa 7 September 1983 anthu pafupi fupi 67 mwa 100 ali onse oponya voti anabvomereza, ndipo mauwo analowa m'ndime 40.3.3. Kusintha kumeneku dzina lace ndi Eighth Amendment.

Taonani mau awiri m'menemo, akuti wosabadwa ndi akuti wolingana. Onse awiri amveka bwino m'khutu, komatu pa mau amenewa ndi pamene panacokera milandu imene ndifotokoze m'munsimu.

Kodi wosabadwa ndani?

Tikumbutsane za m'kalasi. Mbeu ya mwamuna ikakomana ndi dzira la mkazi, dziralo limayamba kugawikana liri pa ulendo wa ku ciberekero, ndipo limakhazikika m'menemo patapita ngati mlungu umodzi. Mazira ambiri otere sakhazikika konse; amatuluka mai osadziwa kanthu. Mtima umayamba kugunda pa milungu ngati 6, kuwerenga kucokera pa kusamba kotsiriza. Mwana angathe kukhala moyo kunja kwa mimba kuyambira pa milungu ngati 23 kapena 24, ndipo apo mpokhapo pali cipatala ca zipangizo zokwanira. Kubadwa kumadza pa milungu ngati 40. Sayansi imationetsa makwerero onsewa, koma siiloza pa khwerero limodzi ndi kunena kuti apa ndipo payambira munthu. Limenelo ndi funso la cikhulupiriro ndi la lamulo.

Funsoli likhudza kulera motere. Lamulo likanena kuti munthu amayamba pa mphindi imene mbeu yakomana ndi dzira, ndiye kuti ciri conse cimene cingalepheretse dziralo kukhazikika cingayesedwe kupha. Ndi cifukwa cace anthu ena amatsutsa lupu ndi mapiritsi a pangozi, ngakhale ofufuza anapeza kuti nchito ya mapiritsiwo ndi kucedwetsa dzira kuti lisatuluke msanga, ndi kuti sacotsa pakati pamene pakhazikika kale. Likhudzanso mabanja osowa ana amene amathandizidwa ndi njira ya IVF, m'mene madotolo amakomanitsa dzira ndi mbeu kunja kwa thupi, ndi kusunga miluza yotsala pamalo pozizira koopsa kufikira itafunika.

Ku Ireland nkhaniyi inafika pa bwalo ndi mlandu wa Roche. Banja lina linapatukana litasiya miluza itatu m'cipatala. Mkazi anafuna kuti iikidwe m'mimba mwace, mwamuna nakana. M'caka ca 2009 bwalo la Supreme Court linagamula kuti wosabadwa wonenedwa m'malamulo ndi amene wakhazikika kale m'ciberekero. Koma ku Alabama, m'dziko la America, bwalo lalikulu la cigawoco linagamula mu February 2024 kuti miluza yosungidwayo ndi ana pa lamulo la kulipira imfa ya mwana. Zipatala zina zinaimitsa nchito ya IVF pomwepo poopa milandu, kufikira aphungu anapanga lamulo loziteteza mwezi wotsatira. Apa tiona kuti oweruza ophunzira bwino a maiko awiri anayankha funso limodzi mosiyana.

Milandu itatu yomvetsa cisoni

Mu February 1992 mtsikana wa zaka 14, amene dzina lace linabisidwa ndi cilembo ca X, anali ndi pakati atagwiriridwa ndi bambo wina wodziwana ndi banja lao. Makolo anamtenga kunka naye ku England, kumene lamulo la 1967 linalola kucotsa pakati pa zifukwa zina. Iwo anali atafunsa apolisi ngati umboni wocokera ku cipatalako ungathandize pa mlandu wa wocimwayo. Nkhani inafika kwa mlangizi wamkulu wa boma, Harry Whelehan, amene anakatenga ciletso ku bwalo la High Court kuti mtsikanayo asatuluke m'dziko kwa miyezi 9. Banjalo linabwerera kwao, ndipo mwanayo ananena kuti adzadzipha. Dziko lonse linatekeseka, anthu naguba m'miseu ya Dublin. Bwalo la Supreme Court linacotsa ciletsoco, oweruza anai kutsutsana ndi mmodzi, ndipo linati kucotsa pakati nkololedwa ngati pali ngozi yeni yeni pa moyo wa mai, kuphatikizapo ngozi ya kudzipha, koma osati pa thanzi lace lokha. Mu November caka comweco anthu anaponyanso voti, nabvomereza kuti mkazi asaletsedwe kupita kunja, kapena kumva za zipatala za kunjako.

Oweruza analemba malire pakati pa moyo ndi thanzi, koma Nyumba ya Malamulo inakhala zaka 21 osalemba lamulo lofotokozera madotolo pamene malirewo adutsa. Bwalo la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu linadzudzula Ireland pa cifukwa cimeneci m'caka ca 2010. Bvuto lace nlakuti matenda sadziwa malire. Munthu amene m'mawa anali wodwala cabe, pofika madzulo angathe kukhala pa khomo la imfa.

Mai Savita Halappanavar anali dotolo wa mano wocokera ku India, wa zaka 31, ndipo ankakhala ku Galway ndi mwamuna wace Praveen. Pa 21 October 2012 anagonekedwa m'cipatala ca University Hospital Galway ali ndi pakati pace poyamba, pa milungu 17. Madotolo anaona kuti alikupita padera, ndi kuti palibe cimene cingapulumutse mwanayo. Madzi a m'ciberekero atatayika, njira ya tizirombo inatseguka. Iye ndi mwamuna wace anapempha kuti pakatipo pacotsedwe, koma anauzidwa kuti nkosatheka pamene mtima wa mwana ukali kugunda. Mtimawo unaleka pa 24 October, koma pamenepo nkuti tizirombo titalowa kale m'magazi a mai, matenda amene madotolo amati sepsis. Anamwalira pa 28 October.

Kuti ndinene mwacilungamo, ofufuza otsogozedwa ndi Pulofesa Sabaratnam Arulkumaran anapeza zolakwa zingapo. Wodwalayo sanayang'aniridwe mokwanira, ndipo zizindikiro za sepsis zinazindikiridwa mocedwa. Oteteza lamulo la 1983 amagwira pamenepo, nati cinamupha ndi kusasamala. Koma lipoti lomwelo linanenanso kuti kamvedwe ka lamulo kanathandizira, pakuti madotolo anayang'anitsa mtima wa mwana koposa ngozi imene inalikukula mwa mai. M'caka ca 2013 linapangidwa lamulo lolola kucotsa pakati populumutsa moyo wa mai, koma linaika cilango cofika zaka 14 m'ndende kwa wocita zimenezi pa cifukwa cina ciri conse.

Mlandu wacitatu unacitika mu December 2014. Mai wina wa ana awiri, ali ndi pakati pa milungu ngati 15, anadwala mwadzidzidzi, ndipo madotolo anatsimikiza kuti ubongo wace wafa. Kunena kwina, anali atamwalira. Abale anapempha kuti makina ompumitsa azimitsidwe kuti akaike maliro, koma madotolo anaopa, cifukwa mtima wa mwana unali kugunda ndipo sanadziwe cimene lamulo likadawacita. Thupi linakhala pa makina milungu yoposa itatu, lirikuonongeka abale alikupenya, kufikira oweruza atatu a High Court analola pa 26 December, ataona kuti panalibe ciyembekezo cakuti mwanayo angabadwe wamoyo. Ife amene tidziwa kulemera kwa maliro pa mudzi tingathe kumva cimene banja limenelo linasenza.

Njira ya kutsidya la nyanja

Kodi lamulo la 1983 linathetsa kucotsa pakati? Ciwerengero cionetsa kuti pakati pa 1980 ndi 2016 akazi oposa 170,000 anaoloka nyanja pa cifukwa cimeneci, ambiri a iwo kunka ku England. M'caka ca 2001 cokha anali 6,673, ndipo m'caka ca 2016 anali 3,265. Ulendowo unafuna ndarama za ndege kapena sitima, za cipatala ndi za pogona. Wolemera anapita msanga. Wosauka anayamba wakongola, masiku alikupita. Ndipo othawa kwao amene analibe zikalata zoyendera kawiri kawiri anakanika.

Panalinso amai amene anauzidwa ndi madotolo kuti mwana wao sadzakhala moyo akabadwa. Mmodzi wa iwo, Mai Amanda Mellet, anapita ku Liverpool, ndipo phulusa la mwana wace linamtsatira pambuyo ngati katundu wotumizidwa. M'caka ca 2016 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inanena kuti dziko lace linamcitira nkhanza. M'zaka zotsiriza akazi ambiri anayamba kuitanitsa mapiritsi pa intaneti ndi kumwa mobisa, popanda dotolo pafupi.

Anthu wamba 99 akhala pa bwalo

Andale anaiopa nkhaniyi monga munthu aopa cisa ca mabvu. Tsono m'caka ca 2016 boma linacita cinthu cimene ine ndacikonda koposa m'mbiri yonseyi. Linasankha anthu wamba 99 ngati mwa maere, amuna ndi akazi, acikulire ndi acinyamata, ndipo woweruza Mary Laffoy anakhala wa pampando. Bwalo limeneli, dzina lace Citizens' Assembly, linakomana kasanu pa nkhaniyi, nthawi iri yonse kumapeto a mlungu. Anamvera madotolo, odziwa malamulo, a mipingo, mabungwe a mbali zonse ziwiri, ndi mau ojambulidwa a akazi amene zinawaonekera. Mu April 2017 anthu 87 mwa 100 ali onse a m'bwalomo anati ndime ija isakhale monga iri, ndipo 64 mwa 100 anati kucotsa pakati kuloledwe popanda kufunsa cifukwa, makamaka pa milungu yoyamba. Ambiri anadabwa, nati anthu owerengeka otere sangaimire maganizo a dziko lonse.

Koma pa 25 May 2018 dziko linaponya voti, ndipo anthu 66 mwa 100 ali onse anati ndimeyo icotsedwe. Cigawo ca Donegal cokha ndico cinakana. Taonani m'mene ziwerengero zifananira: amene analowetsa mauwo anali 67 mwa 100, ndipo amene anawatulutsa anali 66. Lamulo latsopano linayamba kugwira nchito pa 1 January 2019. Linalola kucotsa pakati kufikira milungu 12, mkazi atadikira masiku atatu kucokera pamene waonana ndi dotolo. Ndipo kupyola pamenepo pokha pokha moyo kapena thanzi la mai liri pa ngozi yaikulu, kapena mwana ali ndi bvuto limene lidzamupha asanabadwe kapena asanathe masiku 28. Dotolo amene mtima wace ukana sakakamizidwa. Ndipo mu September 2022 dziko lomwe lija linalanda katundu wa Mai McGee linayamba kupereka njira zolerera kwaulere kwa akazi a zaka 17 kufikira 25, ndipo pofika 2024 malirewo anakwera kufikira zaka 35.

Mbali ziwiri

Munthu mmodzi mwa atatu ali onse anakana m'caka ca 2018, ndipo si bwino kuwayesa anthu ouma mtima. Iwo amati mwana wa m'mimba ndi wa mtundu wathu kuyambira pa ciyambi, ali ndi thupi lace lace losiyana ndi la amai ace. Popeza sangathe kudzinenera, lamulo limnenere. Ndipo ufulu wa munthu usadalire msinkhu wace kapena mphamvu zace. Amaonetsanso kuti m'caka ca 2019 akazi 6,666 anacotsa pakati m'dzikomo, ciwerengero coposa ca amene ankaoloka nyanja m'zaka zotsiriza, ndipo amati umenewu ndi umboni wakuti lamulo lakale linapulumutsa ana.

A mbali inayo amayankha kuti ciwerengero cakale sicinawerenge amene anamwa mapiritsi mobisa. Amatinso mwanayo akhala m'thupi la munthu amene ali ndi dzina, ali ndi ana ena, ndipo aopa imfa monga tonsefe. Ndiponso kuti palibe lamulo lina limene limakakamiza munthu kupereka thupi lace, ngakhale magazi ace okha, kuti wina akhale moyo.

Zimene ine ndatolapo

Coyamba, ndaona kuti cikhulupiriro ndi lamulo zimasiyana nchito. Cikhulupiriro cimalankhula ndi mtima wa munthu, koma lamulo limadza ndi wapolisi ndi ndende pambuyo pace. Munthu angathe kukhulupirira ndi mtima wonse kuti moyo uyamba pa tsiku loyamba, ndipo ine sindingamseke. Koma asanalembe zimenezo m'malamulo akulu adzifunse cimene dotolo adzacita pakati pa usiku, mai atatentha thupi, mtima wa mwana ukali kugunda. Kunena kuti miyoyo iwiri njolingana nkosabvuta. Cobvuta ncakuti iri m'thupi limodzi, ndipo lamulo la 1983 linasiya madotolo alikudikira kuti mai adwale kokwanira asanamthandize.

Caciwiri ndi ca kulera. Dziko limene liletsa kulera ndi kuletsanso kucotsa pakati pa nthawi imodzi limaika mkazi m'nyumba yopanda khomo, ndipo Ireland anakhala comweco zaka zambiri. Ndiyesa kuti anthu ambiri a mbali zonse ziwiri angathe kugwirizana pano, pakuti pakati pamene sipanakhalepo sipautsa mkangano. Anyamata a pa sukulu pano asaganize kuti nkhaniyi nja atsikana okha, popeza palibe pakati popanda mwamuna, ndipo kudziletsa ndi kulera ndi katundu wa anthu awiri.

Cacitatu, mwini thupi amvedwe. M'milandu itatu ija analankhula kwambiri ndi oweruza, maloya ndi andale. Mau a mkazi mwini, kapena a abale ace, anamveka potsiriza. Akulu athu amatanthauzira kuti mkazi woyembekezera amati ali ndi pakati cifukwa ali pakati pa moyo ndi imfa. Ngati ndi tero, amene waima pamalo poopsa potere sayenera kukhala wotsiriza kufunsidwa.

Tisayese kuti zimenezi nza kutali, pakuti caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Lamulo lathu la milandu, limene linayamba kugwira nchito m'caka ca 1930, linacokera ku malamulo a Angerezi omwewo, ndipo linaletsa kucotsa pakati kupatula pofuna kupulumutsa moyo wa mai. Kulera nako kunaletsedwa m'Malawi m'zaka za m'ma 1960, kufikira boma linakulola m'caka ca 1982 monga njira yotalikitsa nthawi pakati pa ana. Pa 11 August 2016 anansi athu a ku Zambia anaponya voti ya referendamu pa ndime za ufulu wa anthu, ndipo m'ndimezo munali mau akuti moyo wa munthu uyamba pamene mai watenga pakati. Obvomereza anaposa okana, koma sanafike pa theka la anthu onse oyenera kuponya voti monga lamulo linafunira, cotero ndimezo sizinalowe. Ena a ife tidzakhala anamwino, madotolo, oweruza kapena aphungu, ndipo funso limeneli lidzatipeza pa nchito.

Mafunso oti tikambirane

1. Kodi cinthu ciri conse cimene cikhulupiriro cathu cikana ciyenera kukhalanso mlandu pamaso pa boma? Perekani zifukwa.

2. Mukadakhala mmodzi wa oweruza asanu pa mlandu wa X, mukadagamula bwanji?

3. Lembani mau anu anu a lamulo amene angateteze mwana wosabadwa popanda kumanga manja a dotolo pamene mai ali pa ngozi. Kodi nkotheka?

4. Kodi bwalo la anthu wamba 99 lifanana bwanji, ndipo lisiyana bwanji, ndi bwalo la kwa mfumu kumudzi kwanu?

Ndipempha a bungwe la mtsutso kuti atengepo funso limodzi teremu ino, ndi kuti pa tsikulo atsikana apatsidwe mpata wolankhula wofanana ndi wa anyamata.

Wophunzira wa Fomu 4